A Mapasa ndi ramu yachitatu

Shopu yanga yosokera inagundana ndi kachipinda ka a Mapasa, ndipo khoma lake ndi lopyapyala moti akatsokomola ine ndimamva. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuwamva akukangana ndi makasitomala. Ntchito yawo ndi yomanga makompyuta a patebulo: munthu amanena zimene akufuna kuchitira, iwo n'kusankha zipangizo chimodzichimodzi n'kulumikiza.

Dzinalo silinachokere kunyumba, mwana ali naye mmodzi yekha. Linachokera pa ramu, timapale tija kompyuta imasungamo ntchito imene ikugwira pa nthawiyo. Kamodzi sagulitsa. Amagulitsa tiwiri ta m'paketi imodzi, tofanana kukula ndi liwiro. Asanaike amayamba aona ngati ramuyo ili pa mndandanda wa bolodi lalikulu lija zipangizo zonse zimalumikizidwapo, kenaka amawerenga tizilembo ta pasitika, n'kuika kena pampata wachiwiri, kena pa wachinayi. Wina akabwera ndi ramu yotola kwina kuti aphatikize, amamuuza kuti kulowa ilowa, koma kulowa si kugwirizana. Ambiri amachoka akung'ung'udza kuti mkuluyu ngwamakani. Makaniwo ali nawodi, koma kompyuta yomanga iwo sibwerera.

Chaka chatha maso anayamba kuwavuta, ndipo sanauze munthu. Ine ndinadziwa chifukwa anadzabwereka galasi langa lokulitsa, limene ndimalowetsera ulusi pa singano, ati akufuna kuchotsa kaminga pachala. Linakhalitsa komweko. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, ankakayikira, ndipo ankangoti atseke shopu azikapuma. Kupuma kwake kuti? Chimwalirire akazi awo, kunyumbako amangopita kukagona.

Ndiye mkamwini wawo, wojambula mavidiyo a maukwati, anawapempha kompyuta yamphamvu. Anaimanga masiku awiri. Patatha milungu itatu, mkamwini ndi mkazi wake anatulukira atainyamula. Ati ikumangouma ntchito ili mkati, sikirini n'kusanduka yabuluu, ndipo vidiyo ya ukwati wina yaduka katatu. Mkamwiniyo ankayankhula mwaulemu, manja ali kumbuyo, koma mawu ake onse ankaloza kumodzi, kuti mwina apongozi anasokoneza zilembo. Ine ndinasiya makina n'kukaima pakhomo pawo, poti ulemu wotere umandinyansa.

"Bambo," anatero mwana wawo, "ngati vuto ndi maso, tingovomereza. Ntchito mwagwira yokwanira."

A Mapasa anagoneka kompyutayo patebulo, anamasula chivundikiro, n'kulowetsa dzanja osayang'anamo n'komwe. Zala zinadutsa pa ramu yoyamba, zinapeza yachiwiri, kenaka zinaima pakati. Anatsegula timaloko ta m'mbali n'kutulutsa kachitatu, kotalika kuposa tinzake, kachikuto chofiira.

"Aka sindinaike ine. Akamwini, kachokera kuti?"

Mkamwini anayamba ndi kukanda m'mutu. Mnzake wina anamuuza kuti ramu ikachuluka kompyuta imathamanga, ndipo pa sitika ya kameneka panalembedwa liwiro loposa la tiwiri tija. Anakalowetsa yekha, kanalowa bwinobwino, ndiye sanaone chifukwa chokatchulira. Mkazi wake anamuyang'ana ndi diso limene ine sindingafune kuyang'anidwa nalo. A Mapasa anafotokoza osakweza mawu kuti tiwiri tija tinayesedwa limodzi kufakitale, pamene kachitatuko kali ndi mayendedwe akeake, ndipo bolodi likamakakamiza kuti tonse tiyendere pamodzi limapunthwa. Akafuna ramu yambiri achotse yakale, aike tina tiwiri tokulirapo ta m'paketi imodzi. Anatseka kompyutayo, anaiyatsa, anatsegula vidiyo yovuta ija, ndipo inayenda mpaka kumapeto.

Ine mtima unakhala m'malo. Ndinkati nkhani yatha, mkulu wapambana, shopu yapulumuka. Koma mkamwini, pofuna kudzikonzera mbiri, anafunsa kuti yokulirapoyo ndi iti, atenge lero lomwelo. A Mapasa anatola paketi pashelefu. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, anaipendeketsa cha kuwindo. Galasi langa linali m'thumba la shati yawo, ndinkaliona, koma mwana wawo ali pomwepo sakanalitulutsa. Ine ndinamva chisoni mpaka ndinayang'ana pansi.

Kenaka anamupatsa mwanayo paketi ija.

"Tawerenga, mama. Ine izi sindikuzionanso."

Anawerenga mokweza, chilembo ndi nambala chimodzichimodzi. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu. Imeneyo ayi, bolodi ili siliidziwa, atenge ya pansi pake. Anatenga, anawerenganso.

"Imeneyo," anatero.

Za kutseka shopu mwanayo sanazitchule tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinamumve akuzitchula. Akakhala kuti sali kuntchito amabwera ndi cholembera chakuda, amawerenga paketi iliyonse, bambo ake n'kumuuza cholemba, iye n'kulemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu. Ndimawamva pakhoma akutsutsana, poti makani aja mwanayo anatengera.

Galasi langa a Mapasa anandibwezera mawa lake lomwe. Analiika pa makina anga, n'kunena kuti kaminga kaja katuluka.