Timbale ta ku Yakushima

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mayi anga anachita chinthu chimene chinazunguza mitu Amalawi onse amene tinkadziwana nawo ku Dubai. Anatenga tchuthi ku chipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino, ndipo m'malo mokwera ndege ya kumudzi monga amachitira aliyense, anagula tikiti ya ku Japan. Anati akupita ku chilumba china chotchedwa Yakushima, okhaokha, kukaona mitengo.

Kukaona mitengo! Kwathu ulendo umakhala ndi mutu wake: maliro, ukwati, matenda, sukulu, kapena geni. Mzimayi wamasiye akanyamuka yekha kupita kutsidya kwa nyanja n'kunena kuti akukaona mitengo, anthu amamwetulira n'kumufunira ulendo wabwino, kenako amayang'anana.

Tinkakhala awiriwiri ku Discovery Gardens, m'kafulati ka chipinda chimodzi. Bambo anamwalira ndisanayambe kuyenda, ndipo Malawi ndinkangomudziwira pa tchuthi. Pochoka, mayi anandisiya kwa Anti Esinati, mnzawo wa kutchalitchi amene ankakhala pa nyumba yoyandikana ndi yathu. Anti Esinati anali munthu wabwino, sindingawanamizire, ankandiluka tsitsi osandikoka ngakhale pang'ono. Koma mphuno yawo inkamva fungo la nkhani ngakhale pamene sipanaphikidwe kanthu.

Tsiku lililonse mayi ankatumiza zithunzi pa foni ya Anti. Poyamba zinali za mitengo yokhayokha, mitengo ikuluikulu yokutidwa ndi ndere, njira zoterera, mvula, ndi agwape oima pakati pa msewu ngati msewuwo ndi wa makolo awo. Anti ankangoti, "Ehe," n'kubweza foni m'thumba. Kenako kunabwera chithunzi cha chakudya. Pa katebulo kafupi panali nsomba youluka yokazinga, mapiko ali chitambasulire, ndipo mozungulira nsombayo munali timbale tating'onoting'ono tambirimbiri: ka mpunga, ka msuzi, ka zamasamba zachikasu, ka zina zimene sitinazidziwe n'komwe. Anti anachikulitsa ndi zala, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Tadala, tabwera kuno," anandiitana. "Kwathu munthu mmodzi amadyera mbale zingati?"

"Ziwiri, Anti. Ya nsima ndi ya ndiwo."

"Nanga izi? Amako ali ndi mimba zingati? Khalas, basi, ine ndatseka pakamwa."

Sanatseke. Masiku amenewo tinkapemphera Lachisanu, poti ndilo linali tsiku lopuma ku Dubai, ndipo Lachisanu limenelo ndinaona azimayi atazungulira foni ija panja pa holo, mitu itagundana. Ndikayandikira ankasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za kutentha. Koma makutu a mwana ndi akuthwa. Ndinamva mmodzi akunong'ona kuti, "Nanga akakwatiwa, mwanayu adzamutani?"

Funso limenelo linandilowa m'mafupa, chifukwa yankho lake ndinkalidziwa. Mnzanga Madalitso, mayi ake atapeza banja latsopano, anamutumiza kwa agogo ake ku Ntcheu teremu isanathe, ndipo mpando wake kusukulu unangokhala wopanda munthu. Mwamuna wosadziwikayo sindinkamuopa kwenikweni. Ndinkaopa kukwezedwa ndege ndekha, chikwama kumsana, kupita ku Phalombe kwa achibale amene ankandiseka kalankhulidwe.

Tsiku lina akundiluka, Anti anawonjezera mchere pa bala. Ankalankhula ndi mnzawo pa foni, zala zili m'mutu mwanga. "Amuna ochenjera amayamba ndi mwana, asisi. Kakondaine pang'ono m'timaswiti, mawa lake mwana ali 'Dadi, Dadi.'" Anaseka, ndipo mwina kunali kungocheza. Ine ndinazisunga ngati mawu a m'Baibulo.

Mayi anabwera atada, miyendo ili zilonda za minga, koma nkhope ikuwala. Ankaimba posamba, chinthu chimene sankachita kale, ndipo ine ndinati m'mtima: umboni woyamba. M'chikwama munatuluka ndere za m'nyanja zouma zakuda ngati pepala lopserera, nsomba yowamba yolimba ngati chikuni, maswiti a malalanje, ndi kabotolo ka phala lofiirira lonunkha ngati chimera. Munatulukanso kachidutswa ka thabwa kamene anakaika pansi pa pilo. Ndinawapeza kangapo akukanunkhiza maso atatseka. Apo mpamene ndinatsimikiza kuti mankhwala awagwira kale, ndipo wotsala ndine.

Ndinasiya kudya za m'nyumba. Maswiti aja ndinawataya m'bini ya pansi pa masitepe, ndipo ndinkakhalira buledi wa kusukulu. Pa chakudya ndinkati m'mimba mukundipota. Koma kunamiza namwino za m'mimba n'kutaya nthawi. Anangondigwira pamphumi, nandiyang'ana m'maso. Ndikhulupirira kuti mphekesera za kutchalitchi zinali zitawafika kale.

Loweruka masana, dzuwa likuwotcha mpaka magalasi a zenera, anayala mkeka pabalaza nandiuza kuti ndikhale. Anatulutsa katoni imene ndinali ndisanaione, ndipo munali timbale tating'onoting'ono tokulungidwa m'mapepala. Anatiika tonse patsogolo panga, kalikonse ndi kanthu kake: mpunga, msuzi wa phala lija, tinyenyeswa ta nsomba yowamba, dzira lopindapinda, nkhaka zowawasa. Mbali yawo sanaike kalikonse.

Kenako anachita chimene mwini khomo amachita akamapatsa mlendo thobwa, kuyamba walawa yekha kuti mlendo amwe mtima uli m'malo. Anatenga supuni nalawa m'kambale kalikonse, mmodzimmodzi, akundiyang'ana. Manyazi anandigwira kuyambira kuphazi. Mayi wondibereka, amene ankanditafunira chakudya ndilibe mano, lero akundilawira ngati ndine mlendo wochokera mudzi wa adani.

"Yalla, tiye idya," anatero. "Zonsezi ndi zako."

"Ndekha?"

"Wekha. Kumeneko munthu mmodzi amadya chonchi."

Ndinayang'ana timbale tija, ndinakumbukira chithunzi chija, ndipo zimene ndinasunga masiku onsewo zinangophulika. "Ndiye kuti kulibe mwamuna? Simunditumiza ku Phalombe?"

Ndinkayembekezera mbama. M'malo mwake anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako kuseka kuja kunazilala, ndipo anakhala pansi pafupi nane. Anabweretsa kathabwa kaja nandinunkhitsa. Anati ndi mkungudza, ndipo fungo limenelo ndi la malaya a bambo awo, amene ankacheka matabwa m'phiri la Mulanje n'kumatsika nawo pamutu. Kwathu mitengoyo inatha ndi macheka. Namwino mnzawo wa ku Japan ndiye anawauza kuti kuli chilumba kumene mitengo ya mtundu ngati womwewo idakali chiimire, ina yakale kuposa mudzi uliwonse umene tikuudziwa. Anayenda tsiku lathunthu mumvula, motsatira kanjanji kakale, mpaka anaima patsinde pa umodzi, nanyowa osafuna kubisala. Kuno ku chipululu anali ataiwala kuti mvula imanunkhira.

"Koma za timbalezi, usadzitenge wopusa wekha," anapitiriza. "Tsiku loyamba, agogo ena a panyumba ya alendo anagwada n'kundiikira zonsezi. Ine ndinatenga mpunga ndi kansomba pang'ono, zotsalazo ndinazikankhira kutsogolo, n'kukhala kudikira anthu ena. Msuzi mpaka kuzizira. Agogo aja anabweranso, anandiloza pachifuwa, analoza tebulo lonse. Chilankhulo sitinkamvana, koma ndinamva."

Anasisita kathabwa kaja.

"Ine ndine woyamba kubadwa, Tadala. Ndinakula ndikugawira ang'ono anga n'kutsalira kukombeza mbale. Kuntchito ndimadya chiimire, belu la wodwala likulira. Ndikapita kumudzi pa tchuthi, ndine namwino, ndine wophika, ndine wolira maliro onse amene anachitika ine kulibe. Chibadwire changa palibe anandiikirapo chakudya n'kunena kuti zonsezi ndi zako. Ndinalira pamaso pa nsomba, agogo aja mpaka kusowa chochita."

Anandipukuta nkhope ndi chitenje. "Ndipo iwe, ngakhale atabwera mwamuna wa ndege yakeyake, wokutumiza ku Phalombe sanabadwe. Tsopano idya, msuzi ukuzizira."

Ndinadya. Msuziwo unali wamchere ndipo sunandikomere kwenikweni, koma ndinamaliza kambale kalikonse.

Anti Esinati sanakhutire msanga. Mayi anawaitana tsiku lina n'kuwayalira timbale tomwe tija, ndipo iwo anadya zonse, nayamikira, koma potuluka anandinong'oneza kuti, "Inshallah, Mulungu akalola, nthawi idzanena." Nthawi inanenadi: palibe mwamuna anabwera. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ife tonse tinali akandimverere a chithunzi chimodzi.

Lero ndine wamkulu, ndimagwira ntchito konkuno ku Dubai, ndipo chimene chimandipweteka ndikakumbukira si kupusa kwathu pa nkhani ya mbale. Mlendo aliyense amalakwitsa za eni dziko. Chimandipweteka n'chakuti tonsefe, ngakhale ine mwana wawo, kunatiphwekera kupeka mwamuna kusiyana ndi kukhulupirira kuti mzimayi ngati mayi anga angakhale pansi yekha, n'kudya tebulo lonse, popanda kulakwira munthu. Tinazolowera kuwaona akugawa, moti tsiku limene analandira tinati pali chobisika.

Mayi anapuma ntchito, koma timbale tija tilipobe, kupatula kamodzi kamene ndinaswa. Akabwera kwanga ku Al Mankhool, ndimawayalira tonse patsogolo pawo. Mpaka pano, asanayambe kudya, dzanja lawo limapita lokha n'kukankhira kambale ka nsomba mbali yanga. Ine ndimakabweza.