Khomo la Kutsogolo

Inu amene mtima wafooka, tcherani khutu. Ine sukulu sindinaiponde, koma maso ndili nawo, ndipo m'minda ya tiyi kuno ku Mulanje ndaona zambiri. Imvani za Agatha.

Tsiku limene moyo wa Agatha unafika pansi penipeni kunali chiperoni. Nkhungu inatsika m'phiri n'kumeza minda yonse, moti otchola tiyi ankaoneka ngati mizimu yobereka madengu. Bambo ake, omwe anali kapitawo pa esiteti, anali atangoikidwa m'manda, ndipo kampani inali itanena kale kuti nyumba ya kumalaini ndi ya munthu wa ntchito yokhazikika. Ngati palibe, tulukani.

Chiyembekezo chinali chimodzi. Ku ofesi ankafuna wachinyamata wa Fomu Folo woti aphunzire kuyang'anira minda, ndipo Agatha anaitanidwa kumayeso a ntchito.

Anavala bulauzi yoyera, nalawirira. Koma m'malo mokwera masitepe a kutsogolo, kukhonde la maluwa, anazungulira kuseri nakhala pamwala pafupi ndi mpopi. Anadikira. Dzuwa linaboola nkhungu mpaka linafika pamutu. Atafunsa, mayi wosesa mu ofesimo anagwira pakamwa.

"Mayo chemwali, mayesotu atha kalekale! Dzina lanu aitana pakhonde paja, kuli zii."

Musamuseke, chenjerani ndi kuseka munthu amene wagwa. Amayi ake ankamvera mawu a bwana kuseriko. Agogo ake, nthawi ya thangata, ankagwada kuseri komweko. Matipate anabwera, tinavota, koma khomo la kutsogolo linakhalabe la azungu ndi alendo awo, ngakhale panalibe chikwangwani choletsa. Miyendo ya mwanayo inangotsata kumene inkapita miyendo ya makolo ake.

Nyumba inapita. Agatha ndi amayi ake, omwe anali kutsokomola, anakadzipanikiza m'kanyumba kodontha kuseri kwa amalume ake, a Hudson, ku Nkando. Posakhalitsa zinamveka kuti ntchito ija apatsa mnyamata wachizungu, mwana wa mnzake wa bwana, amene pamayeso sanaonekepo n'komwe.

"Wamva?" anatero a Hudson. "Ukanalowera kutsogolo, ukanalowera padenga, n'chimodzimodzi. Anatenga nthaka, anatenga mipando, ife anatisiyira madengu. Leka kudzivuta, mwanawe."

A Simon, oyandikana nawo, omwe ankapalasa njinga ya kabaza, anaseka. "Aaa, a Hudson, musamunamize mwana! Mzungu anamugwira mwendo? Anazungulira yekha. Ife akuda vuto lathu n'kulira. Munthu akalimbikira amapeza."

"Inuyo mwalimbikira mpaka matako kuuma pachishalo. Galimoto lanu lili kuti?"

"Likubwera. Lili pamalire pa Muloza, likudikira mapepala."

Agatha anawasiya athane, kenako anati, "Amalume, nonse mukunena zoona. Koma denga la amayi likudonthabe."

Anabwerera ku esiteti ngati wotchola tiyi wa ganyu. Inu, ntchito imeneyo musaione kukongola pazithunzi. M'mizere muja muli njoka, mame amadya mapazi, dengu limapinda msana. Koma Agatha akamatchola, maso ake ankapita kutali. Minda inkasanduka madzi obiriwira, ofesi ija ikuyandama pakati ngati bwato, ndipo pamasitepe ankaona bambo ake atavula chipewa, osakwera, osatsika. Nkhungu ikadutsa, bambo kulibe.

Dzinja litatha anzake aganyu anabalalika, iye anapempha kukathandiza ku nazale. Anaphunzira kudulira, kuthira feteleza, kuzindikira tsamba lodwala. Malo a ntchito akamveka ku ofesi, ankapempha. Ankamukana. Ankapemphanso. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, chifuwa cha amayi chikukulirakulira.

Kenako ku ofesi anamuitananso kumayeso.

"Mwanangu, usakadzikweze," anatero amayi ake, atamugwira dzanja. "Mabwana sakonda munthu wouma maso. Ukapite mwaulemu, monga mmene timapitira."

Kunena zoona, nanenso nditamva kuti akufuna kukalowera kutsogolo ndinachita mantha. Ndinaonapo anthu akuchotsedwa ntchito chifukwa chongoyang'ana bwana m'maso.

M'mawa umenewo nkhungu inalinso pansi, khonde likuoneka ngati lalendewera m'mitambo. Pansi pa masitepe panaima a Elson, mlonda wokalamba, wakuda ngati ife tomwe.

"Iwe mwana wa malemu kapitawo, wasokera? Kuseri!"

"Abambo, ndaitanidwa. Ndidikirira pakhonde."

"Ufuna undichotsetse ntchito ndili ndi imvi?"

"Akakufunsani, munene kuti mwandiletsa koma ndakana ndine."

 A Elson anatembenuka, nayamba kuthamangitsa nkhuku imene sinalakwe kanthu.

Agatha anakwera. Bulauzi inali itanyowa ndi thukuta ngakhale kunali kuzizira. Mzimayi wachizungu anatuluka, namuyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu. Agatha sanatsike. Dzina lake litaitanidwa, anayankha mokweza mpaka mbalame zinabalalika m'maluwa: "Ndilipo!"

Ntchito anaipeza. Amayi ake anabwerera kumalaini, m'nyumba ya malata osadontha, ndipo chifuwa chija chinayamba kuphwa.

Sindikunamizani kuti zonse zinakonzeka, ayi. Malipiro ake sanafanane ndi a mnyamata wachizungu uja, ndipo nyumba yaikulu ya paphiri sinasinthe mwini. A Hudson ndi a Simon akukanganabe mpaka lero, aliyense akuti nkhani ya Agatha ikuikira kumbuyo iyeyo.

Tsono chenjerani ndi anthu awiri. Chenjerani ndi wokuuzani kuti mpanda kulibe, chifukwa ulipo, sitinaumange ndife, ndipo umabaya. Chenjeraninso ndi wokuuzani kuti poti mpanda ulipo, khalani pansi, chifukwa ameneyo sadzabwera kudzakufolererani denga.

Ine miyendo yanga yakalamba, ndikapita ku ofesi imandikokerabe kuseri. Yanuyo ikadali yanthete. Ngakhale mawondo aziombana, kwerani. Osataya mtima, ana anga, ndipo akaitana dzina lanu, akupezeni muli pakhonde.