Tsitsi la Amayi M'denga la Khitchini

Loweruka lililonse ndinkaluka amayi tsitsi pansi pa mtengo wa mango, kwathu ku Kanakantapa, kuti Lamlungu akaoneke bwino kutchalitchi. Tsitsi lawo linali lambiri komanso louma mutu ngati eni ake. Chipeso chikangokoka pang'ono, ankandimenya bondo.

Chaka chimene madokotala anawapeza ndi khansa ya m'bere, ankapita ku Lusaka kukalandira mankhwala a m'diripi. Atabwerako ulendo wachiwiri, ndinakhala pansi kuwaluka monga mwa masiku onse. Ndinangogwira, tsitsi n'kutsalira m'manja mwanga. Ndinachita mantha, ndipo ndinalibisa msanga m'chitenje.

"Osabisa, iwe," anatero amayi osacheuka. "Namvela mphepo pamutu."

Anamwino anali atawauza kuti ndi bwino kungometa lonse. Apa ndiye panavuta. Kwathu, munthu wamkulu amameta mpala maliro akatha, ndipo amayi zimenezi ankazitenga ndi mtima wonse.

"Mufuna munilile nikali moyo?" anatifunsa. "Ku Lusaka sinizayendako futi. Mankhwala yabwanji yometa munthu monga wafedwa?"

Ndinawanyengerera, kenako ndinakalipa, chifukwa pakamwa ndinatengera iwo omwewo. Sizinathandize. Tsiku la ulendo wachitatu linkayandikira, ndipo tonse tinkadziwa kuti akapanda kupita, matenda awatenga.

Atate anali munthu wosayankhulayankhula. Mawu awo ambiri ankathera pa ng'ombe. Masiku onsewo ine ndinkawakwiyira kuti akungoyang'ana, osanena kanthu. Koma m'mawa wina amayi anawapeza atagwada pamkeka, akutola tsitsi limodzilimodzi ndi zala zawo zokhakhala zija.

"Imwe, mulipeleka kuti?" anafunsa amayi. Tsitsi la munthu silitayidwa pena paliponse, ndiye funsolo linali lomveka.

Atate anawagwira dzanja, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo, n'kupita nawo kukhitchini. Ine ndinawatsatira. M'denga, pakati pa ngala za chimanga chambewu zimene zinkalendewera mu utsi, panali kathumba ka nsalu. Anakamasula. Munali tsitsi la amayi, lonse limene linagwa kuyambira tsiku loyamba.

"Amake ana, la malilo timataya," anatero atate. "Ili nasunga na mbeu."

Amayi anayang'ana kathumbako nthawi yaitali. Ine misozi inali mbwembwembwe, koma iwo ayi. Anangotuluka, n'kukakhala pampando wawo pansi pa mango, n'kuvula duku.

"Bweletsani leza," anauza atate. "Koma mumete imwe. Uyu ali na manja yoipa, amakoka."

Atate anawameta pang'onopang'ono, akuuzira pamutu ngati akuziziritsa phala la mwana. Tsitsi lotsalalo analiikanso m'kathumba muja.

Tsiku la ulendo, amayi ndiwo anayamba kufika pamsewu kudikira minibasi ya ku Chongwe, kokakwerera ya ku Lusaka, duku lili pamutu, akutikalipira kuti tikuchedwa.