Zaka Zitatu za Mayi Filomena

Mayi Filomena Scalise sankadziwa kunama, ndipo tsiku limodzi lokhalo limene anayesa, ananama ngati mwana wopezeka ndi shuga kukamwa.

Anachoka kumudzi kwawo ku Calabria ali mayi wachitsikana n'kudzakhala mumzinda wa Turin, kumene anasita malaya a eni mpaka zala zinapindika. Kumudziko, asanachoke, mwana wawo wobereka okha anamwalira ali wakhanda. Sabata yomweyo mnansi wawo anafera pa uchembere, kusiya kamwana kakamuna, Saverio. Mkaka unalipo, woyamwa panalibe, basi anangomunyamula. Zokalembetsa ku boma palibe anaziganizira. Kumudzi ndani amafunsa pepala kuti adziwe mwana ndi wa yani?

Mu 1980 Saverio, atamera ndevu, anali m'gulu la zigawenga limene linawombera kapitawo wa fakitale m'miyendo. Apolisi atabwera, mayiwo anati tsikulo mwanayo anaswera kwawo, akudya nyemba. Bodzalo silinathe masiku awiri, ndipo anawatsegulira mlandu wobisa chigawenga.

Loya wawo, bambo Gribaudo, anali munthu wabwino koma wotopa.

"Mayi, lamulo limakhululukira kholo, mlongo kapena mkazi akanamira m'bale wake. Inu papepala si ndinu kanthu kwa iye. Komanso milandu ya zigawenga masiku ano zaka zake amachita kuwonjezera."

"Ndiye nditani?"

"Mukanene kuti anakuopsezani. Mukatero mwina mukagona kwanu."

"Saverio kundiopseza ine? Iye uja amathawa ndikangovula silipasi?"

"Ndi mawu chabe, mayi."

Anawaganizira mawuwo kwa mwezi wathunthu. Ndende ankaiopa, zimenezo tisabise, ndipo mawondo awo anali atayamba kale kukana masitepe. Za kapitawo uja zinkawadya mumtima, moti Lamulungu lililonse ankamuyatsira kandulo. Mwana wawo analakwa, ndipo iwo ankadziwa.

Tsiku la mlandu Saverio anali m'chikwere chachitsulo cha m'khotimo pamodzi ndi anzake, ataonda. Woweruza anafunsa ngati mnyamatayo anawakakamiza kunama.

"Ayi, bwana. Ndinanama ndekha. Iye sanandipemphe n'komwe."

Bambo Gribaudo anavula magalasi n'kugwira kumaso.

"Ndi ndani wanu?" anafunsa woweruza.

"Ndinamuyamwitsa."

Woweruzayo anatembenuza mapepala ngati akufuna pamene angaike mawu amenewo. Sanapeze. Anawerenga chigamulo mosakweza mutu: zaka zitatu.

Powatulutsa, wapolisi anadutsa nawo pafupi ndi chikwere chija. Saverio anagwira zitsulo, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, mukanangonena. Ine zaka zanga n'zambiri kale, bodza limodzi likanandichita chiyani?"

Mayiwo anaima, wapolisi naye anaima.

"Ukanamva ine ndikunena kuti ndimakuopa," anatero. "Ndiye ukanatsala ndi ndani?"