Buluku la Agogo a Desmond

Desmond Pargeter adagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi a ku Shropshire zaka makumi atatu, koma atapuma adazindikira kuti magazi ake si a m'basi. Lachitatu lililonse ankakhala m'nyumba yosungira zikalata zakale ku Shrewsbury, mphuno ili m'kaundula wa ubatizo wa parishi ya kwawo. Kumeneko adapeza Thomas Pargeter, mwana wa mwini minda yonse ya Hopley, wobatizidwa mu 1641. Kholo lake la Desmond, lomwe lidakwatira Joan mu 1665, nalonso linali Thomas Pargeter. Basi, kwa Desmond awiriwa anali munthu mmodzi, nkhani idathera pomwepo.

Mutu udakula. Adasulitsa mphete yokhala ndi chishango, chizindikiro cha banjalo, nayamba kulonjera aneba ndi chibwano. Adaitananso abale a ku Canada kuti Loweruka lina adzamve za ufumu wawo.

"Bambo a Karen, kaundula wa maliro mudaonamo?" adafunsa mkazi wake Maureen akupaka batala pa buledi.

"Akufa ndiwatani ine? Ndikufuna obadwa."

Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Kutatsala masiku atatu kuti abale aja afike, Desmond adapita kukajambulitsa wilo ya mwini minda uja, kalata yogawira chuma cha masiye, kuti akaipachike pakhoma. Mayi Tudge, osunga zikalata, omwe adapirira nthano zake zaka zinayi, adamubweretsera wiloyo pamodzi ndi buku lina lomwe sadapemphe.

"Bwana Pargeter, tawerengani apa," adatero mokoma kwambiri.

Thomas, mwana wa mwini minda, adaikidwa m'manda milungu itatu chibatizidwire. Desmond adabwereza mzerewo kangapo, koma khandalo silidadzuke.

"Ndiye Thomas wanga ndi uti?"

"Aliponso, musadandaule. M'mudzimo a Pargeter anali mbwee. Onani m'wilomu, mmunsi, pambuyo pa akavalo ndi mapoto."

Mayiwo adamuwerengera pang'onopang'ono zilembo zopotanazo. Mwini minda adasiyira Thomas Pargeter, woweta nkhumba zake, mwamuna wa Joan, buluku lake lakale lachikopa.

Desmond adatseka buku lija. Si nkhumbazo zidamupweteka kwenikweni, koma kuti moyo wake wonse ankadziona wochepa, ndipo kwa zaka zinayi zokha adalawa kukhala munthu. Adayesa kuvula mphete ali m'basi pobwerera, koma chala chidakana. Usiku womwewo adamuululira Maureen zonse.

Loweruka abale adafika ndi makamera awo. Desmond adaimirira m'holo ya tchalitchi, nalankhula za minda ya Hopley, za mawindo a nyumba yaikulu, ngakhale za agalu ake. Adanenetsa kuti banja lawo lidatchulidwa ndi dzina m'wilo ya bwana, zomwe sizinali bodza. Msuweni wina wa ku Winnipeg adakweza dzanja.

"Nanga adatisiyira chiyani, achimwene?"

"Katundu wa pathupi pake penipeni," adayankha Desmond, thukuta lili kamukamu.

Anthu adaomba m'manja. Kenaka Maureen adatulukira ndi mbale yaikulu ya soseji za nkhumba, naiika patsogolo pa mwamuna wake.

"Yambani ndinu, bambo a Karen," adatero mokweza. "Paja ndi ntchito ya makolo."