Dzina la Asiya pa Boti

Che Binali a ku Senga Bay anayesa ntchito zambiri, ndipo palibe imene inawakonda. Anawedzapo usipa mpaka msana unakana. Anasemapo ziboliboli, koma mvuu zawo zinkangooneka ngati nkhumba, zochititsa manyazi kwa Msilamu. Matipate atabwera, aliyense akuimba za bizinesi, iwo anagula boti lakale la injini n'kumatengera azungu kukaona chilumba. Analitcha Asiya, dzina la malemu mkazi wawo, koma linali lapakamwa chabe, poti iwo kusukulu sanapondeko.

Mzungu wina wachinyamata anawatsegulira tsamba pa intaneti, ati alendo aziwadziwa asanakwere n'komwe ndege. Adiresi ya tsambalo inali ndi dzina la Asiya pakati, ndipo Che Binali anailembetsa yonse m'mbali mwa boti ndi penti yofiira. "Ndakugulirani dzina," anatero mzunguyo potsanzika. Iwo anamva monga angamvere aliyense: chogula n'chako, ngati njinga.

Alendo anabweradi, osati ambiri, koma okwanira kugula petulo ndi ufa. Patapita zaka ziwiri anangoti zii. Che Binali anapita kwa Jenifer, kalaliki wa pahotela ina amene ankawalandirira mauthenga a alendo, kuti aone chavuta n'chiyani. Jenifer anatsegula tsambalo iwo ataima kumbuyo kwake. Anatembenuza kompyuta msanga, koma iwo anali ataona kale. Pansi pa dzina la mkazi wawo panali zithunzi za akazi osavala.

"Astaghafirullahi! Walowa ndani m'nyumba mwanga?"

"Si mwanunso, bambo," anayankha Jenifer, maso ali pansi. "Dzina la pa intaneti amachita lendi. Nthawi ikatha osalipira, amadikira pang'ono, kenako amapatsa aliyense wolifuna. Mauthenga okumbutsa ankapita kwa mzungu uja."

"Ndiye tikamuuze walitengayo kuti mwini wake alipo."

"Ali kunja, sitikumudziwa. Walemba kuti akugulitsa, koma mtengo wake mwina mutagulitsa boti lenilenilo. Bola tilembetse dzina lina."

"Kuti nalonso lidzathawe?"

Che Binali sanakalipe. Anangokhala pansi, atatopa kufika m'mafupa. Moyo wawo wonse unathera pothamangitsa zinthu zothawa, nsomba ndi alendo omwe, koma sanaganizepo kuti dzina la munthu amene anamuika okha m'manda lingathawenso. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti miyezi yonseyo ankayendetsa boti monyada, akuitanira anthu kukaona zonyansa m'dzina la Asiya, mayi amene sankapita ngakhale kumjigo opanda mpango kumutu.

M'mawa mwake anagula kachitini ka penti yoyera, nakapempha Jenifer kuti atsikire kumchenga.

"Mwanangu, undisonyeze pamene Asiya akuyambira ndi pamene akuthera. Zinazo ndifufuta."

Jenifer anaika chala apa, n'kuikanso apo. Che Binali anafufuta zakumanzere, anafufuta zakumanja, mosamala kuti burashi isakhudze zapakati. Atamaliza anabwerera m'mbuyo, naima nthawi yaitali akuyang'ana tizilembo tofiira totsalato. Aka kanali koyamba kuona mmene dzina la mkazi wawo limaonekera likakhala lokha.