Tsiku Limene Eladio Anakana Kunyamula Bokosi

Eladio Bartolay waweta ng'ombe za eni ake zaka makumi atatu pa famu ina kumapiri a Milagros. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mwa zimenezo anakhala nyumba imodzi ndi Rustico, woweta mnzake, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Koma kwathu kuno tili ndi luso lomwe sitinalipitire kusukulu: timaona chinthu ndi maso awiri, kenako n'kuchipatsa dzina lina. Amayi a kutchalitchi ankati awiriwo ndi anthu ogwirizana pantchito, uku akutsinana pansi pa benchi.

Eladio naye ankanena zomwezo, ndipo ankadzinyansa nazo. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi, bambo ake anamupeza akupesa tsitsi la mnyamata mnzake. Anamumanga ndi chingwe chokolera ng'ombe n'kumamuviika mutu mu mgolo wa madzi mpaka analumbira kuti ndi mwamuna. Chiyambire tsikulo, hatchi yolusa ankaikwera akuseka, nkhunzi ankaigwetsa yekha, koma Rustico akangomugwira phewa pagulu ankadzidzimuka ngati wamuotcha ndi chitsulo chodindira ng'ombe.

Rustico anali wolongolola, wokonda fodya. Chifuwa chitakana mankhwala onse, Eladio anapita naye kuchipatala kutauni, komwe madokotala anamupeza ndi khansa ya m'mapapo. Namwino, pepala lili m'manja, anafunsa Eladio kuti, "Inu ndinu ndani wake?"

"Timagwira ntchito limodzi."

Rustico anaseka mpaka kutsamwa. Pobwerera sanamusiye.

"Timagwira ntchito limodzi! Nkhalamba iwe, ntchito yanji yomwe umagwira utavula nsapato n'kundilanda bulangete?"

"Khala chete, uyambanso kutsokomola."

"Ng'ombe iliyonse pafamu paja ili ndi chizindikiro cha mwini wake pantchafu. Wopanda mwini ndine ndekha."

Eladio anangoyang'ana kumsipu.

Matenda atakula kunatulukira Perpetua, mchemwali wake wa Rustico, yemwe kwa zaka khumi sanapondeko kufamu poopa ndowe. Anabwera ndi korona m'manja ndi mafuta onunkhira ofika kukhola. Wophika phala la mpunga anali Eladio, wosambitsa wodwala ndi kuchapa zofunda anali Eladio. Koma kukabwera ozonda, Perpetua ankamulanda mbale pakhomo n'kukamwetsa yekha, akuusa moyo kuti onse amve.

Masana ena mayiyo atapita kukapemphera, Rustico anamukoka Eladio malaya.

"Ndikafa usadzandinyamule."

Eladio anamva bwino. Kwathu wachibale sanyamula bokosi la m'bale wake; amati akatero samachedwa kumutsatira. Onyamula amakhala oyandikana naye nyumba ndi anzake, anthu apadera.

"Achemwali angawa, Manay Perpetua, adzakuika kutsogolo penipeni," anatero Rustico, "kuti aliyense aone kuti ndiwe wapadera. Ndimamudziwa."

"Ndiye adzakunyamule ndani? Watsala mafupa okhaokha, ngakhale galu akhoza."

"Usandizembe, Ladyo," anatero Rustico, akumutchula dzina lake lapanyumba.

Eladio anamuzembadi. Anati akukamwetsa ana a ng'ombe, n'kutuluka. Rustico anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi osamva yankho.

M'mawa wa tsiku loika, bwalo linadzaza anthu omwe sanabweretsepo ngakhale dzira limodzi munthu ali moyo. Amuna asanu anaima pabokosi, chogwirira chakutsogolo chili chopanda munthu. Perpetua anakweza mawu okoma ngati uchi.

"Manoy Eladio, mkulu wathu, bwerani kuno. Munali mnzake wapantchito wokhulupirika, ulemu umenewu ndi wanu."

Maso onse anatembenukira kwa iye. Eladio anamva madzi a mu mgolo uja akumulowa m'mphuno. Miyendo inamufikitsa pabokosi yokha, dzanja n'kutsala pang'ono kugwira.

"Manay, sindinganyamule."

"Ndi msana?" anafunsa Perpetua msangamsanga.

"Eee, msana, akula bambowa," anavomereza amayi a kutchalitchi, okondwa kuti apeza pomuthawitsira. Njira inali yotseguka, akanangogwedeza mutu.

"Msana uli bwino. Dzana ndinagwetsa nkhunzi." Anabweza dzanja lake. "Wachibale sanyamula."

Wina anatsokomola chifuwa chabodza. Eladio anavula chipewa, anazungulira bokosilo n'kukaima kumbuyo kwake, pamalo pomwe amaima namfedwa. Perpetua anatsegula pakamwa, koma kuti amuchotsepo akanayenera kutchula poyera chinthu chomwe mudzi unakhala ukuchizemba zaka zonsezi. Sanathe. Anakodola chidakwa china kuti chigwire kutsogolo, bokosi linanyamuka mopendekeka, ndipo mayiyo anayenda mpaka kumanda phewa ndi phewa ndi mlamu wake, nkhope ili gwa.

Pofika Lamlungu mudzi unali utagwirizana kale kuti unali msana basi.

Eladio akadali pafamu pomwepo, m'nyumba yomweyo. Mchere wa ng'ombe kale ankakatenga pa hatchi Lachisanu. Masiku ano amakatenga Lamlungu, wapansi, nthawi yomwe Misa ikutha, ndipo amadutsa pakhomo pa tchalitchi thumba lonse lili pamsana, osapumira.